Masese a Pansi pa Botolo

Padangokhala bambo wina wa ku Ntcheu amene ankayendetsa basi mumzinda wa Manchester ku England. Anali munthu wakhama, wosachedwa kuntchito, wofuna kuti nsapato zake ziziwala ngakhale kukugwa mvula ya kumeneko yosadziwa nyengo. Kuseri kwa nyumba imene ankachita lendi kunali kashedi kamatabwa, ndipo mtima wake unkakhala m'menemo, chifukwa ndi mmene ankafululira mowa.

Sunali mowa wa kwawo ayi. Wa kwawowo ankaudziwa bwino kuposa mmene ankavomerera pagulu. Mayi ake anali ofulula masese odziwika mudzi wonse, ndipo fizi yake ya kusekondale, yunifolomu, ngakhale ndalama ya basi yopitira ku Lilongwe kukasaka ntchito, zonse zinatuluka mumgolo wakuda wa mayiwo. Koma iye anakula akuchita nazo manyazi. Fungo la chimera silinkachoka m'malaya ake, ndipo anzake kusukulu ankamutcha mwana wa pamowa. Tsono tsiku limene mnzake wa kuntchito anamugulira mowa wotchedwa pale ale, anakweza tambula kuloza kuwindo naona kuwala kukudutsa mumowamo ngati mu uchi wosungunuka. Atalawa anamva kuwawa koyera, kouma pakhosi, ndi kafungo konga ka maluwa. Chamumtima anati, "Uwu ndiye mowa wa anthu. Ndidzafulula wotere ndi manja angawa."

Lamulo silinamuletse, pakuti kuyambira mu 1963 munthu ku Britain amaloledwa kufulula mowa pakhomo popanda laisensi, bola asagulitse. Analowa kagulu ka anthu ofulula pakhomo kamene kankakumana kamodzi pamwezi m'chipinda cha pamwamba pa bala ina. Anthuwo anali ndi mpikisano wawo wa chaka ndi chaka. Ankasankha mowa umodzi wa m'sitolo, aliyense n'kukayesa kufulula wofanana nawo, ndipo amene wayandikira kwambiri ankalandira chikho chachitsulo. Chaka chimenecho anasankha mowa wina wotchuka wa m'tauni ya Burton upon Trent.

Dalaivala uja sanaumire ndalama. Anagula mphika waukulu wachitsulo chosachita dzimbiri, choyezera kutentha, ndi kagalasi koyandama kamene kamasonyeza kuchuluka kwa shuga. Anagula chimera cha balere wa mtundu wa Maris Otter, ndi hops wa mitundu iwiri yakale ya ku England, Fuggle ndi Goldings. Hops ndi timaluwa tobiriwira ta chomera choyanga, ndipo ndito timapatsa mowa kuwawa kwake n'kuuteteza kuti usawonongeke msanga. Ndondomeko anailoweza ngati vesi la pamtima. Chimera chogaya uviike m'madzi a madigiri 66 kwa ola limodzi kuti chitulutse shuga, utsanule madzi otsekemerawo, uwawiritse ndi hops ola linanso, uziziritse, uthire yisiti, udikire. Ulendo umodzi ankapeza malita 23.

Woyamba unasasa ngati viniga. Wachiwiri unanunkha ngati chipinda chotsukira mabala kuchipatala. Wachitatu anauthira m'mabotolo usanamalize kuwira chifukwa cha phuma, ndipo usiku wina mabotolo anayamba kuphulika m'kashedi muja mpaka agalu a m'dera lonse anauwa. Wachinayi unatuluka woyera bwino, koma pakamwa unali wozizira nkhongono, kuwawa kwake kogona pansi ngati tiyi wa dzulo.

Tsidya la mpanda kunkakhala nkhalamba ina ya Chingerezi imene inasamukira kumeneko kudzakhala ndi mwana wake wamkazi. Mmawa wa mabotolo ophulika aja, mkuluyo anasuzumira pampanda akuona mnzake akusesa magalasi.

"Wauthira m'mabotolo usanagone, mnyamata iwe," anatero. "Ine ndine wa ku Burton. Ndagwira ntchito kofululira mowa moyo wanga wonse."

Mtima wa dalaivala unadumpha. "Ndiye kuti chinsinsi chake mukuchidziwa! Munali ndani kumeneko, bambo?"

"Ndinkatsuka migolo."

Mkuluyo anafotokoza za migolo ya thundu yondandalikidwa m'mizere iwiri, uliwonse uli ndi kapaipi kopindika ngati khosi la tsekwe. Mowa ukamawira, thovu la yisiti limakwera m'kapaipiko n'kugwera mumchera wa pamwamba, mowa n'kubwereranso mumgolo, mpaka utayera wokha. Iye ntchito yake inali kumasula zonsezo, kutsuka, n'kumanganso. Dalaivala anamvetsera mwaulemu, koma chamumtima anali atamuchotsera kale mtengo. Wotsuka migolo angadziwe chiyani?

Komabe Loweruka anamuitana. Mkuluyo sanayang'ane n'komwe matumba a hops. Anamasula kampopi ka pachidebe chowiritsira mowa, nalowetsamo kathonje, nakatulutsa kali bii. Anadula paipi yotsanulira naonetsa ndere zimene zinamera mkati. Mmawa wonse unatha akutsuka. Dzuwa lili pamutu, dalaivala analephera kupirira.

"Bambo, masiku a mpikisano ayandikira. Tandiuzani muyezo wa chimera ndi hops, zotsukazi ndidzachita ndekha."

"Madzi ukutunga kuti?"

"Pampopi. Madzi ndi madzi, bambo."

Mkuluyo anapukuta manja, navala chipewa chake. "Ukadzafuna kumva za madzi, udzagogode." Anapita.

Ndinene pano kuti sindimuweruza msanga munthu ameneyu. Amene anakula akunyozedwa amafuna chinthu chimodzi chowala choti agwire m'manja pamaso pa anthu, ndipo njala imeneyo imatseka makutu kuposa ulesi. Safunsa anadya phula, koma palinso amene amafunsa ndithu, n'kukana yankho chifukwa labwera litavala ovolosi.

Mowa wachisanu unatuluka chimodzimodzi wachinayi. Kutatsala tsiku limodzi kuti mpikisano uchitike, dalaivala anapita kusitolo ya kutali kumene sankadziwika, nagula mabotolo 12 a mowa wa ku Burton womwe uja. Anauika mufiriji kuti uzizire kwambiri thovu lisathawe. Pakati pa usiku, mkazi wake ali m'tulo, anautsanulira pang'onopang'ono m'mabotolo ake opanda chizindikiro, nakhomera zitsekerero zatsopano. Mabotolo a kusitolo aja anakawataya kumsewu wina.

Kumpikisano, mmodzi ankatsanula mowa kuchipinda china, olawa n'kumangolandira matambula opanda maina. Atafika pa tambula yake, analawa, nalawanso wa m'sitolo, nayang'anana. Wapampando anati chiyambire gululo sanaonepo munthu woyandikira chotere. Anamuwombera m'manja, namupatsa chikho. Wina atafunsa kumene anaphunzira, iye anati, "M'mabuku basi." Za mayi ake sanatchule.

Mawa lake anapatsira mkulu uja botolo limodzi pampanda, kuti aone kuti zatheka popanda iye. Mkuluyo analikweza kudzuwa, nalipendeketsa, nayang'ana pansi pake nthawi yaitali. Kenako anatsekula nanunkhiza.

"Kafungo aka ka machesi ongoyatsa kumene ndikukadziwa," anatero motsitsa mawu. "Ndi ka kwathu." Sanawonjezepo kanthu.

Chikho chinaikidwa pabalaza pamwamba pa wailesi yakanema. Mkazi wake, amene sankadziwa kanthu, anachijambula natumiza pa WhatsApp kwa abale ndi anansi. Sabata isanathe, mlongo wake wa dalaivala, amene ankagwira ntchito ya unamwino mumzinda womwewo, anabwera ali mwemwemwe.

"Achimwene, pachinkhoswe changa sitigula mowa. Mufulula ndinu, womwe uja wa chikho. Akuchimuna ndawauza kale. Ndiponso mayi akubwera, adzaone okha zimene mwana wawo akuchita kuno."

Anavomera, pakuti akanakana bwanji? Usiku anawerengetsa. Anthu ochuluka chotero ankafunika maulendo anayi a kufulula, malita 92, ndiye kuti mabotolo oposa 180. Kugula onsewo kusitolo n'kumatsanulira mumdima zikanatheka ndithu ndi ngongole. Chimene chinamusowetsa tulo ndi chakuti anaona kuti akhoza kuchitadi zimenezo, chaka chino, chaka chamawa, mpaka kalekale.

Mayi anafika kutatsala masabata asanu ndi awiri kuti chinkhoswe chichitike, atafunda zitenje ziwiri pamwamba pa juzi. Atapumula, mwana wawo anatenga limodzi mwa mabotolo amene anatsala, nawatsanulira mu tambula yabwino koposa zonse m'nyumbamo. Mayiwo sanalandire.

"Kwathu wofulula ndiye amayamba kumwa, anthu akuona. Waiwala?"

Anamwa pang'ono, koma mowa unamukakamira pakhosi. Mayi anatenga botolo lija, osati tambula. Analiyang'ana pansi monga anachitira mkulu wa tsidya la mpanda, ngakhale awiriwo anali asanaonane. Anadikira mpaka mpongozi wawo atalowa kukhitchini.

"Masese ake ali kuti?"

"Mowa wa kuno sukhala ndi masese, mayi."

"Usandiphunzitse mowa iwe. Chinthu chimene chawira chimasiya pogona pake. Ndalowa m'kanyumba kako kaja masana, ndaona mabotolo ena pansi pa tebulo. Onse ali ndi kaufa pansi. Ili lokha ndiye lilibe. Mowa uwu sunabadwire pakhomo pano."

Mayiwo ananena zoona ngakhale sanawerengepo buku lililonse la pale ale. Wofulula pakhomo akamathira mowa m'botolo amaikamo kashuga, ngati theka la sipuni yaing'ono, kuti yisiti yotsalira idye n'kupanga mpweya wa thovu. Ikamaliza imagona pansi ngati kaufa koyera. Mowa wambiri wa m'mafakitale amausefa kuti yisiti ichoke, mpweya n'kuchita kupopera ndi makina. Botolo lake limakhala mbee mpaka pansi.

Dalaivala anakhala chete, kenako anaulula zonse, kuyambira viniga mpaka sitolo ya kutali. Ananenanso ndi zimene sanafunsidwe, kuti atafunsidwa kumene anaphunzira anati m'mabuku. Apa ndi pamene mayi anayang'ana kumbali. Za chikho sizinawapweteke ngati zimenezi.

"Ine ndinkadzuka nkhuku zisanalire kukatunga madzi kuchitsime cha kuphiri, kusiya dambo lili pafupi, chifukwa madzi a kudambo ankapha mowa. Mgolo ndinkaukwecha ndi mchenga mpaka zala kutuluka magazi. Iwe unkagona. Sindikukudandaulira, ndinkafuna ugone kuti ukakhoze mayeso. Koma lero ukuti madzi ndi madzi?"

Iye anali asanawauze kuti ananenapo mawu amenewo kwa wina. Anangowamva m'kachitidwe kake.

Mmawa anakagogoda tsidya la mpanda, mayi ake ali pambuyo. Anapepesa kwa mkulu uja mosazungulira. Mkuluyo anangogwedeza mutu, nawalowetsa, natenga tambula ziwiri. Mu ina anathira madzi a pampopi okha. Mu inayo anasungunulamo kaufa koyera ka kunsonga ya mpeni. Anapatsa mayi kuti alawe. Mayi analawa yoyamba, nalawa yachiwiri, nanyambita milomo, naloza yachiwiriyo. "Awa ali ndi msana," anatero, mwana wawo n'kumasulira. Mkuluyo anaseka mpaka kutsokomola, nati m'zaka zake zonse sanamvepo wina akunena bwino chotero.

Kenako anafotokoza, ndipo ulendo uno dalaivala anamvetsera ndi makutu onse awiri. Madzi a ku Manchester ambiri amachokera kunyanja za kumapiri a Lake District, monga Thirlmere, ndipo ndi ofewa, opanda mchere wa m'miyala. Ku Burton ofulula satunga mumtsinje wa Trent ayi, amatunga m'zitsime, ndipo madzi a m'zitsimezo amadutsa m'miyala ya gypsum. Mchere umenewo ndi umene umadzutsa kuwawa kwa hops kuti kukhale kouma ndi kwakuthwa, umathandiza yisiti kugona pansi mowa n'kuyera, ndiponso ndi umene umabweretsa kafungo ka machesi kaja. Fungo la kuchipatala la mowa wachiwiri linachokera ku klorini wa m'madzi a pampopi, amene amachoka ndi theka la kapiritsi kotchedwa Campden. Viniga wa mowa woyamba anachokera m'kampopi kakuda kaja.

"Kutsanzira si tchimo," anatero mkuluyo. "Ifenso a ku Burton tinatsanzira. Mowa wowawa wopita ku India unkafululidwa ndi banja la Hodgson ku London. Mu 1822 Samuel Allsopp wa kwathu anapemphedwa kuti ayese wofanana nawo. Atayesa, madzi athu anaupanga kukhala wabwino kuposa umene ankatsanzirawo. Njanji itafika mu 1839, mowa wathu unafalikira dziko lonse, mpaka makampani a ku London anabwera kudzamanga mafakitale awo ku Burton kutsatira zitsime. Patapita nthawi akatswiri anazindikira kuti nkhani ndi gypsum, aliyense n'kuyamba kuthira m'madzi a kwawo. Onsewo anali ophunzira. Koma kunalinso ena amene ankathira mowa wawo m'mabotolo n'kumatapo chizindikiro cha eni ake. N'chifukwa chake kampani ya Bass, imene inayamba mu 1777, inathamangira kukalembetsa chizindikiro chake chofiira cha ngodya zitatu, ndipo mu 1876 chinakhala choyamba kulembedwa m'kaundula wa zizindikiro za malonda ku Britain. Iwe wachita zomwezo motembenuza, mowa wa eni ake, dzina lako."

Asanayatse moto, mayi analamula chinthu chimodzi. Chikho chibwerere kumene chinachokera. Pamsonkhano wotsatira dalaivala anaimirira m'chipinda cha pamwamba pa bala chija, nachiika patebulo, nanena zimene anachita. Ena anakwiya, ndipo anali ndi chifukwa. Mmodzi sanamulankhulenso. Chikho anachipereka kwa mayi wina amene anali wachiwiri, amene anafulula kasanu ndi kawiri kuti afike pamene anafikapo. Kwa mkazi wake ndi kwa mlongo wake anaulula yekha, ndipo kumeneko ndiye kunali kovuta kuposa kubala.

Masabata otsatirawo kashedi kaja kanadzaza anthu atatu. Mkulu wa ku Burton ankayeza gypsum, masipuni aang'ono awiri pa ulendo uliwonse, ndipo sankalola chiwiya kukhudza mowa chisanatsukidwe kawiri. Mayi anatafuna njere ya Maris Otter, nati, "Ichi n'chimera basi, angochiyanika pamoto m'malo mwa dzuwa." Ankapisa chala m'madzi ofunda n'kunena ngati afika, mwana wawo akayeza n'kupeza kuti sanaphonye patali. Chidebe chowira anachichotsa pafupi ndi chotenthetsera nyumba, kumene iye ankachiika kuti chifulumire, nachiika pakona pozizirira, pamene choyezera chinkasonyeza madigiri 18 kapena 19. Usiku ankachifunditsa bulangete monga ankachitira ndi mbiya zawo m'mwezi wa June ku Ntcheu. Nkhalamba ziwirizo sizinkamvana chilankhulo, koma zinkatha ola lathunthu zitatchera khutu pachidebe, wina akakweza chala mnzake n'kuvomera ndi mutu.

Tsiku lachisanu ndi chimodzi dalaivala anafuna kuthira m'mabotolo, poopa kuti masiku atha. Onse awiri anakana nthawi imodzi, wina m'Chingerezi wina m'Chichewa. Anadikira mpaka kagalasi koyandama kaja katasonyeza nambala imodzimodzi masiku atatu otsatizana. Chifukwa cha kudikirako, anakwanitsa maulendo atatu okha m'malo mwa anayi, ndipo anauza mlongo wake kuti wotsalawo agule kusitolo, ubwere m'mabotolo ake a eni ake.

Mowa wake sunafanane ndi wa ku Burton. Unali wofiirirako pang'ono, kafungo ka machesi kanali kochepa, ndipo ukatsanula mosasamala unkachita kachifunga. Koma kuwawa kwake kunaimirira, ndipo pakhosi unkatsika mouma, munthu n'kufuna kubwereza.

Pachinkhoswe, ankhoswe atamaliza mbali yawo, mayi anaitana mwana wawo pakati pa holo. Iye anatsekula botolo, natsanula pang'onopang'ono, nasiya chala chimodzi cha mowa pansi kuti kaufa kasalowe mu tambula. Mmodzi wa akuchimuna anafunsa mokweza ngati umenewu ndi uja wa chikho.

"Ayi, wa chikho uja sunali wanga," anayankha. "Uwu ndafulula ine. Madzi andiphunzitsa ndi bambo awa a ku Burton. Zina zonse ndi za mayi angawa, amene anandilera ndi mowa wa masese."

Anamwa anthu onse akuona, napereka tambula kwa mayi ake ndi manja awiri. Mayi analawa, nasunga mowa m'kamwa kanthawi, nameza, napatsira mkulu wa ku Burton. Iye analawa, natsinzina, nati gypsum anachuluka pang'ono, ulendo wina achepetse ndi theka la sipuni. Kenako anatambasula dzanja kuti amuwonjezere.

Mmawa mwake, alendo akadali m'tulo, mayi anadzuka kukafuna madzi akumwa naona nyali ikuyaka m'kashedi. Mwana wawo anali atakhala pa chidebe chovundikira, mabotolo opanda kanthu atamuzungulira. Ankatenga limodzi, kuthiramo madzi, kukhutchumula masese a pansi, kulowetsa burashi, kuliyang'ana kunyali, n'kutenga lina. Mayi anakokera mpando pafupi, nakwinya manja a juzi, nayamba kutsukuluza amene iye wamaliza.